Kamikatsu: tauni ya m'mapiri komwe agogo amagulitsa masamba a mitengo

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo, nanunso achinyamata muli kumbuyoko. Lero tikambe za tauni ina yaing'ono ya ku Japan, dzina lake Kamikatsu. Ili pa chilumba cha Shikoku, m'chigawo cha Tokushima. Malo achidikha n'ngosowa, kwangodzaza mapiri ndi nkhalango, moti mpunga amaulima m'timinda tosanjikizana pamtsetse ngati masitepe. Anthu ake sakwana 1,500, ndipo pafupifupi theka la iwo adutsa zaka 65, poti ana akamaliza sukulu amatsikira kumizinda osabwerera.

Kale ankadalira matabwa ndi manachesi. Matabwa anagwa mtengo atayamba kulowa otchipa ochokera kunja. Kenako mu Febuluwale 1981 kunagwa chisanu choopsa, mitengo yambiri ya manachesi n'kuuma. Anthu manja ali m'khosi.

Apa mumvetsere bwino. Kumeneko kunali mlangizi wa kopaletivi ya alimi, a Tomoji Yokoishi. Mu 1986 akudya m'lesitilanti ku Osaka, anaona atsikana akusirira tsamba lofiira limene wophika anakongoletsera mbale, mpaka mmodzi analikulunga m'kansalu kuti apite nalo kwawo. Ku Japan chakudya chapamwamba chimabwera ndi tsamba kapena duwa losonyeza nyengo imene muli, ndipo amalitcha tsumamono. A Yokoishi anaganiza kuti masamba otere ali mbwee kumapiri kwawo, n'ngopepuka, ngakhale gogo woyendera ndodo akhoza kunyamula.

Mukuseka? Nawonso anthu a kumeneko anaseka, ena anakwiya kumene, ati ife tikatole zinyalala? Anavomera ndi alimi anayi okha, ndipo poyamba masambawo sankagulidwa. Bambowa anachita kumadya m'malesitilanti odula ndi ndalama za m'thumba mwawo kuti aphunzire kukula, mtundu ndi nyengo imene ophika amafuna. Ine mbali imeneyi ndi imene ndimaitamanda, chifukwa nzeru ya m'lesitilanti ija payokha sikanadyetsa munthu. Lero bizinesiyi, yotchedwa Irodori, imagulitsa masamba ndi maluwa a mitundu yoposa 300, ndipo pachaka imalowetsa ndalama za ku Japan, mayeni, cha m'ma 200 miliyoni. Agogo a zaka za m'ma 70 ndi 80 amaona maoda pa tabuleti, ndipo woyamba kudina ndiye watenga odayo. Mpikisano wake si wamasewera.

Chachiwiri ndi zinyalala zenizeni tsopano. Kale ankangozitentha m'dzenje. Anagula makina otenthera mu 1998, koma pasanapite nthawi boma linakhwimitsa malamulo okhudza utsi wa poizoni, makinawo n'kutsekedwa. Kutumiza zinyalala kutali kunkadya ndalama zambiri. Ndiye mu 2003 Kamikatsu inakhala tauni yoyamba ku Japan kulengeza kuti ikufuna kuthetseratu zotenthedwa ndi zokwiriridwa pofika 2020.

Galimoto yotolera zinyalala khomo ndi khomo kulibe. Zotsala za chakudya aliyense amapanga manyowa kwawo. Zina zonse mumatsuka, mumayanika, n'kupita nazo nokha pamalo amodzi, kumene mumazisankha m'magulu oposa 40: botolo pake, chitsekerero chake pake, nyuzipepala pake, katoni pake. Okalamba amene sangathe kufika amawatengera. Pomwepo pali kasitolo kotchedwa Kuru Kuru, komwe munthu amasiya chovala kapena mbale imene sakuifunanso, wina n'kutenga ulere.

Amayi pakonapo akufunsa ngati zinatheka. Ayi, 2020 inafika cholinga chisanakwaniritsidwe. Anafika pa zinthu pafupifupi 80 pa 100 zilizonse zogwiritsidwanso ntchito, pamene Japan yonse ili cha m'ma 20. Zotsalazo ndi monga matewera otaya ndi katundu amene fakitale inamatiriza pulasitiki, chitsulo ndi labala pamodzi. Zimenezo ngakhale gogo atasankha mosamala chotani sizilekanitsika, ndipo mpaka pano amazitumizabe kunja kwa tauni kuti akazitenthe.