Chilembo Chimodzi Chingakuluzitseni Ndalama pa Bizinesi

Muli bwanji a ku Chipata, Katete, Petauke, Lundazi ndi nonse amene mukuonera! Dinani kaye subscribe, tiyambe. Lero tikukamba za kalembedwe ka pa malonda, kaya ndi kalata, risiti kapena uthenga wa pa WhatsApp.

Choyamba, mwachangu: kasitomala ndi "inu". Mukayamba ndi "Bambo, katundu wanu", musamalize ndi "ubwere utenge".

Chachiwiri, mawu azigwirizana. Katundu wafika, matumba afika, mbewu zafika.

Chachitatu, apa ndichedwapo chifukwa zimandiwawa. Anthu amati Chinyanja chilibe malamulo, umangolemba mmene chikumvekera, bola winayo wamva. Bodza limenelo! Mu 1977 Unduna wa Maphunziro unavomereza kalembedwe ka zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'Zambia, ndipo Chinyanja chili momwemo. N'chifukwa chake m'mabuku a ana anu akusukulu mumaona "cimanga", pomwe anzathu a ku Malawi amalemba "chimanga". Zonse n'zolondola, koma musazisakanize m'kalata imodzi.

Tsono taonani mawu atatu ndaika apawa: "ndalipira", "ndilipira", "ndidzalipira". Loyambalo, ndalama yatuluka kale. Lachiwiri, ikubwera posachedwa. Lachitatu, mwina mpaka titakolola. Pakati pa awiri oyambawo pali chilembo chimodzi chokha! Mayi wogulitsa mtedza ku Saturday Market akawerenga "ndalipira", amakweza matumba m'basi ya ku Lusaka mtima uli m'malo, pamene wolembayo amafuna kunena kuti alipira madzulo. Mawa lake ndi mkangano, wina akutchedwa wakuba. Ndiye wina azindiuza kuti chilankhulochi chilibe malamulo? Werengani kawiri musanatumize, abale anga.



Chachinayi ndi cha inu ochita malonda kudutsa pa Mwami kupita ku Mchinji. "K500" yokha sikwanira, popeza mayiko onse awiri ndalama yawo ndi kwacha. Lembani ZMW ngati ndi ya ku Zambia, kapena MWK ngati ndi ya ku Malawi. Komanso mu 2013 kwacha yathu ya ku Zambia inachotsedwa maziro atatu, koma akuluakulu ena amawerengabe mwakale, choncho mtengo muziulemba m'manambala ndi m'mawu omwe.

Sabata yamawa tilemba limodzi kalata ya kopaletivi yopempha ndalama za CDF (thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu), mzere ndi mzere. Tumizani vidiyoyi kwa mlembi wa gulu lanu kuti akonzekeretu pepala ndi cholembera.