Chala chachikulu chikagwira besi: mawu awiri pa gitala mu MuseScore

[Woyimba wakhala pakhonde ku Nchalo, gitala pamwendo, laputopu pa mpando]

Tamverani kaye. Chala chachikulu chagunda nsambo yachisanu, A yosadinikiza, ndipo ikulirabe mpaka bar yonse, kachigawo kamodzi ka nyimbo papepala, ithe. Pomwepo zala zinazi zikuthamanga pa nsambo yoyamba, manotsi anayi. Gitala ndi imodzi, koma oyimba ali awiri, ngati pa ulimba wa ku Nsanje pomwe aliyense amagunda mbali yake.

Mukazilemba zonse mu Voice 1, ndiye kuti ngati mawu a woyimba mmodzi, MuseScore, pulogalamu yolembera nyimbo pa kompyuta, amazimanga pa kamtengo ka notsi kamodzi ndi kuzipatsa utali wofanana. Besi ija yafupika, nyimbo yasanduka ina.

[Sikirini ya kompyuta]

Dinani N, mulembe manotsi anayi apamwambawo mu Voice 1, ya buluu. Bwererani poyambira bar, dinani Ctrl+Alt+2 kuti mulowe mu Voice 2, mulembe A wautaliyo. Watuluka wobiriwira. Taonaninso timitengo: tapamwamba taloza kumwamba, pamene ta besi, tikakhalapo, timaloza pansi.

Apa ndiye pamene ambiri amadzivutitsa. Besi ikayenda payokha mu bar ziwiri zokha, Voice 2 ilembeni mu bar ziwirizo basi. Kwinako musaikhudze. Ikathera pakati pa bar, zizindikiro zopumira zotsalazo zisankheni, dinani Delete. Za Voice 1 sizifufutika. Mungathe kungozibisa ndi V. Ine sindikonda kubisa zambiri, chifukwa mnzanu wa kwaya ku Bangula akalandira pepalalo ayenera kuwerenga kugunda kwake osafunsa munthu.

Tsopano tab, mizere yoimira nsambo za gitala yokhala ndi manambala osonyeza podinikiza. Ikhale yolumikizidwa ndi mizere ya manotsi, kuti cholembedwa kumtunda chiwoneke kumunsi chokha. Mizere 6, wapamwamba ndi nsambo yowonda ija. A wathu ndi 0 pa mzere wachisanu.

[Kamera pafupi ndi zala]

Koma chenjerani. Nsambo imodzi siiliza manotsi awiri nthawi imodzi. Besi ikagwirabe nsambo yachinayi, nyimbo yapamwamba n'kutsikira pa nsambo yomweyo, besiyo yafa pomwepo ngakhale papepala ikuwoneka yamoyo. Sankhani nambalayo pa tab, dinani Ctrl ndi muvi wokwera kapena wotsika. Notsi ndi yomweyo, yangosamukira nsambo ina. Kenako yesani ndi dzanja lenileni, muone ngati zala zikufika.

Ndipo sungani ntchito yanu ndi Ctrl+S pafupipafupi, abale. Batire ya laputopu siichedwa kutha magetsi akazima masana a Okutobala.