Kulumikiza magetsi m'boti la usodzi: batire, fyuzi ndi maswichi

Muli bwanji nonse amene mukutionera? Lero tili kuno ku Lilongwe, ndipo patebulopa pali batire ya ma volt 12, mawaya, mababu a LED, pampu yopopa madzi ndi maswichi. Nyanja kuno kulibe, inde, koma alipo eni maboti a ku Senga Bay ndi madoko ena a ku Salima amene zipangizo amadzagula konkuno ku Malangalanga. Ndiye musanakwere minibasi, imvani izi.

Boti si galimoto. Pa galimoto magetsi amabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimotoyo, pomwe boti lamatabwa chitsulo chotero lilibe. Choncho chipangizo chilichonse chimafuna mawaya awiri: wofiira wopita, wakuda wobwerera. Akuda onse akumane pa kachitsulo kamodzi ka mabawuti, kuchoka apo waya mmodzi wonenepa apite ku negativu ya batire.

Tsopano onetsetsani apa, chifukwa maboti amapsera pomwepa. Waya wofiira akangochoka pa pozitivu, akumane ndi fyuzi, kachipangizo kamene kamapsa n'kudula magetsi akachuluka kwambiri, pasanapitirire masentimita 18. Ena amati fyuzi imateteza babu. Ayi, imateteza waya. Waya akakhuzika pa msomali n'kukhudzana ndi wakuda, batire imatulutsa mphamvu yake yonse nthawi imodzi, waya amafiira, pulasitiki imayaka, ndipo chigubu cha petulo chili pambali pomwepo. Fyuzi ikakhala kutali, gawo lonse la waya lapakati pa batire ndi fyuziyo lilibe chitetezo. Zomanga kawaya kapena pepala lasiliva la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi yomwe yapsa, chonde zisiyeni. Ikapsa, fufuzani chomwe chaipsereza.

Kuchoka pa fyuzi yaikuluyo, waya apite ku swichi yaikulu yozimitsa zonse, kenako ku kabokosi ka mafyuzi ang'onoang'ono. Chipangizo chilichonse chikhale ndi fyuzi yake ndi swichi yake, ndipo swichi ikhale pa waya wofiira. Lembanipo mayina, usiku mwera ukuwomba simudzakhala ndi nthawi yoyesa imodziimodzi.

Nanga fyuzi ya nambala yanji? Gawani ma watt ndi ma volt. Babu ya ma watt 24 pa ma volt 12 imakoka ma amp 2, ndiye fyuzi ya ma amp 5 pa waya wonenepa 1.5 mm² ikwanira. Koma mababu 6 otere oitanira usipa akukoka ma amp 12. Pamenepo pafunika fyuzi ya 15 ndi waya wa 2.5 mm², ndipo ngati akuchokera kumbuyo kwa boti mpaka kutsogolo, tengani wa 4 mm², apo ayi mababu aziwala mofooka. Muwerengerenso batire: ya 100 Ah (Ah ndi ma amp kuchulukitsa ndi maola) siyenera kutsika kupitirira theka, kutanthauza kuti mugwiritsa ntchito 50 Ah yokha, ndiye ma amp 12 aja akupatsani maola 4 okha. A siginala anu, amene amaitana usipa ndi nyali, adziwiretu zimenezi.

Pampu yokhala ndi swichi yoyandama, ija imadziyatsa yokha madzi akakwera, musaidutsitse pa swichi yaikulu. Ipite ku batire ndi fyuzi yakeyake, kuti izipopa ngakhale inu muli kumtunda.

Pogula waya, pewani wa m'nyumba wa chingwe chimodzi cholimba. Injini ikamanjenjemera amathyoka mkati. Funani wa timawaya tambiri ta mkuwa. Palani kamodzi ndi mpeni pomwepo pa shopu: mukaona koyera mkati, ndi aluminiyamu yopaka mkuwa, musiyeni. Polumikiza, kupota ndi tepi sikukhalitsa pamadzi. Panani ndi timitu tachitsulo, muvale ndi kapaipi kaja kofota ndi moto, ndipo mawaya muwamangirire m'mwamba, kutali ndi madzi a pansi pa boti ndi pomwe alovi amaponda pokoka chilimira.

Batire ikhale m'bokosi lomangidwa, lolowa mpweya, kutali ndi petulo. Pogwira ntchito yambani mwachotsa negativu, pobwezera ikhale yomaliza. Mukamaliza yatsani swichi imodziimodzi, mugwire waya aliyense ngati sakutentha. Kenako zimitsani zonse, batire ipume, muyeze ndi mita: ma volt 12.6 ndiye yadzaza, 12.2 yafika theka, kaichajeni musanalowe panyanja.