Kuseka Chigawenga cha Chigoba: Mafilimu Otchipa Onyogodola ma Slasher

[Pa sikirini: kanyumba kamatabwa pakati pa nkhalango, usiku]

Muli bwanji nonse, takulandirani. Lero tikamba za mafilimu oopsa amene amakuseketsa mpaka nthiti kuwawa, uku magazi ali mbwee pa sikirini. Makamaka aja opangidwa ndi ndalama zochepa, amene amanyogodola mafilimu a slasher. Ndichenjezeretu kuti si zoonera ndi ana izi, komanso pena ndi pena ndiulula nkhani ya mufilimu.

Kuti nthabwala imveke, uyenera kudziwa kaye chomwe chikusekedwa. Slasher ndi filimu ya chigawenga chimodzi, nthawi zambiri chovala chigoba kumaso, chimene chimasaka gulu la achinyamata n'kumawapha mmodzimmodzi ndi mpeni, chikwanje kapena nkhwangwa. Ndipo mtundu umenewu unabadwira mu umphawi.

[Pa sikirini: chigoba choyera cha mu Halloween]

Onani nkhope iyi. Mu 1978 John Carpenter anapanga Halloween ndi ndalama zokwana madola pafupifupi 300,000, zomwe ku Hollywood n'zochepa kwambiri. Chigoba chimene chasowetsa anthu tulo kwa zaka zoposa 40 anachita kugula m'sitolo pa mtengo wosafika madola awiri. Inali nkhope ya William Shatner, wosewera mu Star Trek. Anangochipenta choyera n'kukulitsa mabowo a maso, basi. Nkhani ikuchitika ku Illinois kumapeto kwa Okutobala, nyengo imene masamba amayoyoka, koma anajambulira ku California mitengo ili yobiriwira. Ndiye ankamwaza masamba openta pamsewu, akamaliza kujambula n'kuwatoleranso m'matumba kuti akawamwaze pena. Filimuyo inabweretsa madola oposa 40 miliyoni ku America kokha.

Aliyense wokhala ndi kamera anaona kuti apa pali ndalama. Mu 1980 kunatuluka Friday the 13th, yopangidwa ndi madola pafupifupi 550,000, nayonso inagulitsa zedi. Kenaka mafilimu otengera anangoti mbwembwembwe, onse kuyenda njira imodzimodzi. Foni yafa. Galimoto ikukana kulira. Wina wamva phokoso panja, akutuluka yekha mumdima, osatenga ndi nyali yomwe. Awiri amene apatukana ndi anzawo kuti akachite zachikondi ndiwo amayamba kufa. Pomaliza pamatsala mtsikana mmodzi wodzisunga ndi watcheru, amene katswiri wa zamafilimu Carol Clover anamutcha final girl m'buku lake la 1992. Amene munakulira m'mavidiyo sho mukudziwa momwe chipinda chonse chimakuwira kuti, "Iwe usalowemo m'menemo!" Oonera akafika podziwiratu chotsatira chotero, ndiye kuti nthawi yoseka yakwana.

[Pa sikirini: 1981]

Sizinachedwe. Mu 1981, patangopita chaka chimodzi chitulukireni Friday the 13th, kunabwera Student Bodies ya Mickey Rose. Chigawenga chake sitichiona nkhope, timangomva chikupuma mwaphuma. M'malo mwa mpeni chimapha ndi zinthu zopanda pake, monga timawaya tomangira mapepala ndi chofufutira pabolodi. Munthu akafa, pa sikirini pamabwera nambala yowerenga mitembo. Khomo likasiyidwa losakhoma, pamabwera mawu okulozera kuti taonani, sanakhome. Pakati pa filimu pamatulukira bambo atakhala pa desiki, akufotokoza kuti mufilimuyi mulibe zamaliseche kapena nkhanza zoonekera, koma opanga akufuna kuti iikidwe m'gulu la mafilimu a akuluakulu chifukwa ndi amene amagulitsa. Kenaka amangotukwana kamodzi, nkhani yatha.

Ndimaikonda chifukwa inayamba msanga, koma ndinene zoona, imatopetsa isanathe. Imaseka chilichonse, ndiye palibe munthu amene umamudera nkhawa. Mantha akachokeratu, nthabwala zimayamba kuzizira.

Chaka chotsatira kunachitika zodabwitsa. Mlembi Rita Mae Brown, womenyera ufulu wa amayi, analemba nkhani yonyogodola ma slasher. Kampani ya Roger Corman, mfumu ya mafilimu otchipa, inaitenga n'kuijambula ngati filimu yoopsa yeniyeni, motsogozedwa ndi Amy Holden Jones. Ndiyo The Slumber Party Massacre ya 1982. Nthabwala za mlembi sizinafe, zinangobisala. Chigawenga chake chilibe chigoba, ndi bambo wamba wonyamula chobowolera chachitali, ndipo kamera imachiika pamalo oti munthu wamkulu aliyense amvetse chomwe akutanthauza. Anyamata obwera kudzapulumutsa atsikana sathandiza kanthu. Mapeto ake mtsikana amadula chobowoleracho ndi chikwanje. Kwa ine iyi imaposa Student Bodies, chifukwa umaseka uku mtima ukugunda.

Ena mufunsa za Scream ya 1996 ndi Scary Movie ya 2000. Inde, ndi zimene zinatchukitsa kuseka ma slasher padziko lonse, koma zinali ndi makampani akuluakulu kumbuyo, ndalama zake zoposa madola 10 miliyoni iliyonse. Tizidzakamba tsiku lina.

[Pa sikirini: ntsuko ya magazi abodza]

N'chifukwa chiyani anthu osowa ndalama amathamangira mtundu umenewu? Malo ndi amodzi, kanyumba kapena kampu ya m'nkhalango. Osewera otchuka safunika, popeza ambiri afa filimu isanafike pakati. Magazi amapangidwa ndi manyuchi a chimanga osakaniza ndi kala yofiira ya m'zakudya. Ndipo pali mwayi wina umene filimu yoopsa yeniyeni ilibe. Mutu wa labala ukaoneka kuti ndi wa labala, filimu yoopsa yagwa pomwepo. Mu filimu yoseketsa, mutu womwewo ndi phindu. Anyamata a gulu la pa intaneti la 5-Second Films anachita kukokomeza zimenezi mu 2015 ndi Dude Bro Party Massacre III, imene ndalama zake anasonkha anthu pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkherapo ndalama. Anaipanga kuti izioneka ngati tepi yakale ya VHS yojambulidwa pa TV. Gawo loyamba ndi lachiwiri kulibe, anangoyambira pa lachitatu.

Chimene sungachipeze motchipa ndi nthawi yake ya chinthu. Mantha ndi phwete zimayenda mofanana. Umamudikiritsa munthu, mpweya n'kuugwira, kenaka n'kumumasula mwadzidzidzi. Ukachedwa pang'ono kapena kufulumira pang'ono, palibe wokuwa ndipo palibe woseka. N'chifukwa chake amene amapambana ndi okhawo amene anaonera ma slasher mpaka kuwaloweza pamtima.

Chitsanzo ndi Behind the Mask: The Rise of Leslie Vernon ya 2006, ya Scott Glosserman. Ophunzira utolankhani akutsatira mnyamata wansangala amene akukonzekera kukhala chigawenga chotchuka, ndipo iye akuwaonetsa ntchito yonse. Amachita masewera olimbitsa thupi kwambiri, chifukwa pamafunika mphamvu kuti uzioneka ngati ukungoyenda pamene wina aliyense akuthawa ndi liwiro lonse. Amakhomeratu mawindo, amafooketseratu nthambi za mitengo, amaonongeratu zida zimene achinyamata angadzitetezere nazo. Mafunso onse aja timafunsa tikamaonera, filimuyi ikuwayankha. Ndiye chakumapeto kujambula kwa atolankhani kumaima, imasanduka slasher yeniyeni, kuseka kuja n'kukuuma pakhosi.

[Pa sikirini: amuna awiri ovala maovolosi, pafupi ndi galimoto yakutha]

Koma imene ndimaiika pamwamba pa onse ndi Tucker & Dale vs. Evil ya Eli Craig, imene inaonetsedwa koyamba ku chionetsero cha mafilimu cha Sundance mu 2010. Anaijambulira ku Alberta, m'dziko la Canada, ngakhale nkhani ikuchitika ku West Virginia.

Kuyambira pa The Texas Chain Saw Massacre ya 1974, mafilimu oopsa a ku America akhala akutiphunzitsa kuti munthu wakumudzi, wosauka, wa ndevu zosapesa, ndiye wakupha. Craig anangotembenuza kamera. Tucker ndi Dale, oseweredwa ndi Alan Tudyk ndi Tyler Labine, ndi amuna abwinobwino amene asunga tindalama tawo n'kugula kanyumba kakutha m'nkhalango kuti azikapumulirako. Kwa iwo ndi nyumba yachifumu. Kufupi komweko kwabwera ophunzira a ku koleji, amene atangowaona aganiziratu kuti awa ndi zigawenga.

Usiku wina mtsikana Allison akugwera m'nyanja n'kumenyetsa mutu. Awiriwa akumuvuula, akukuwira anzake kuti mnzanu tili naye kuno. Anzakewo akumva kuti wabedwa. Kuchokera apo, imfa iliyonse ikubwera chifukwa cha kusamvana. Tucker akucheka chipika ndi makina, mwangozi akucheka chisa cha njuchi, akuthawa akuzunguza makinawo m'mwamba. Mnyamata wina akuona ngati akuthamangitsidwa, akuthawa osayang'ana kutsogolo, n'kukadzibaya pa nthambi. Wina akudumphira Tucker, Tucker wawerama kutola nkhuni, mnyamata uja n'kulowa chamutu m'makina ogaya mitengo. Tucker akumukoka miyendo kuti amupulumutse, ndipo anzake oonera patali akuona ngati akumukankhiramo. Tucker ndi Dale nawo agwidwa mantha, akuganiza kuti anawa anapangana zodzadzipha pamalo pawo.

Taonani luso lake. Chithunzi chilichonse chimene ophunzira aja akuona ndi chochokera mu slasher yeniyeni, sichinasinthidwe. Chasintha n'choti ife tikudziwa mbali inayo. Ndipo pansi pa phwete lonseli pali nkhani yowawa. Dale amadziona ngati mbuli, amachita chibwibwi pamaso pa mtsikana wophunzira, chifukwa moyo wake wonse anthu akhala akumuweruza ndi maonekedwe. Aliyense amene anachokapo kumudzi n'kufika m'tauni, anthu n'kumuyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, amumvetsa Dale. Woopsa weniweni mufilimuyi ndi mnyamata waukhondo, wa kolala yoimika, amene akutsogolera anzake kukasaka anthu osalakwa.

Ina yoti musaiphonye ndi The Final Girls ya 2015. Mtsikana amene mayi ake anamwalira pa ngozi ya galimoto akupezeka ali m'kati mwa slasher yakale imene mayi akewo anaseweramo ali mtsikana. Akudziwa kuti munthu amene mayi akewo akumusewera amaphedwa mufilimumo, ndiye akulimbana ndi malamulo onse aja kuti asawatayenso kachiwiri. Mmodzi mwa olemba ake, Joshua John Miller, ndi mwana wa Jason Miller, amene anasewera wansembe mu filimu yoopsa ya The Exorcist, kotero iye anakula akuona bambo ake akufa pa sikirini. Magazi ndi ochepa mufilimuyi, misozi ndiyo yambiri.

Ngati simunaonepo slasher ndi imodzi yomwe, musayambire pa zoseketsazi, theka la nthabwala likudutsani. Yambani ndi Halloween ya 1978, muzimitse magetsi, foni muiike patali. Mawa lake muonere Tucker & Dale vs. Evil, koma iyi muitane anzanu, siikoma kuonera wekha.