Nthano ndi Yoga pa Nyengo Yoyoyoka Masamba

Makolo anzanga, ndi inu agogo amene mwabwera ndi zidzukulu, zikomo kwambiri chifukwa chopirira mphepo ya panjayi mpaka kufika muno. Ine ndimalera ana a zaka 3 ndi 4 pa sukulu ya mkaka kuno ku Leeds, mzinda wa ku Britain, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni zimene timachita nawo pa nyengo imene eni dziko amaitcha autumn, kuyambira Seputembala mpaka Novembala.

Mawotchi akabwezedwa ndi ola limodzi pa Lamlungu lomaliza la Okutobala, kunja kumada 5 koloko isanakwane, ndipo mwana amene kumudzi akanathamangitsa nkhuku pabwalo amabindikira m'nyumba maso ali pa foni. Malangizo amene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa mu 2019 amati mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 4 azitakataka mphindi 180 pa tsiku. Tikamuuza kuti akhale chete amvere nthano, thupi lake limakana. N'chifukwa chake timalola kuti thupilo lifotokoze nawo nthanoyo kudzera m'masewera olimbitsa thupi otchedwa yoga.

Yoga inachokera ku India, ndipo dzinali ndi la chinenero cha Sanskrit, lotanthauza kulumikiza. Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi nkhawa, popeza mizu yake ili m'zipembedzo za kumeneko, ndipo nkhawayo ndimailemekeza. Zimene timachita ndi ana ndi kudziwongola, kuima mosagwa ndi kupuma mofatsa, popanda mapemphero kapena mawu obwereza, koma kholo lililonse lili ndi ufulu wofunsa kapena wokana.

Timakhala mozungulira, aliyense ali ndi tsamba louma limene watola panjira. Ndikanena kuti "Padangokhala," ana amayankha kuti "Tili tonse," ngakhale ana a eni dziko anazolowera. Nthano ikafika pa mtengo waukulu, mwana amaima ndi mwendo umodzi, phazi linalo atalitsamiritsa pa kakolo, manja ali m'mwamba ngati nthambi. Mphepo ikawomba, onse amapendekera uku ndi uko, kenako amawerama pang'onopang'ono mpaka zala zikhudze pansi, kusonyeza kuti masamba ayoyoka. Gologolo akatulukira kudzakwirira mbewu za mtengo wa oak kuti adzadye m'chisanu, ana amanyonyomala n'kumafukula ndi timanja. Mtsikana wina amene ankachita manyazi kuyankhula Chichewa anayamba kufuula yekha kuti "kuyoyoka!" nthawi iliyonse akawerama, chifukwa mawuwo anawamva m'msana mwake asanawatchule pakamwa.

Ana amafunsa chifukwa chake masamba amasintha mtundu, ndipo ndi bwino kuwayankha zoona. Dzuwa likachepa, mtengo umasiya kupanga chinthu chobiriwira chotchedwa chlorophyll, ndipo chikasu chimene chinabisika m'tsambamo chimayamba kuoneka. Pamenepo ndimawauza kuti kwathu mitengo yambiri imayoyola masamba chifukwa cha kuuma kwa chilimwe, osati kufupika kwa tsiku. Gawo limene ine ndimalikonda kwambiri ndi la namzeze, pamene ana amatambasula manja ngati mapiko, chifukwa mbalame zimenezi zimachoka ku Britain pa nyengo ino n'kuuluka mpaka kum'mwera kwa Africa. Mwana akamva kuti kambalame kakang'ono kakupita dera limene kuli agogo ake, amafunsa mafunso mpaka tsiku lotsatira.

Mukamayesera kunyumba, nthano itsogole, ndipo maimidwe asanu kapena asanu ndi limodzi akwanira pa mphindi 15. Mwana asakhale wokhuta kwambiri, avule masokosi kuti asaterereke, ndipo musamuimike chamutu kapena kumukoka miyendo kuti afike pamene thupi lake silikufika. Akagwa pochita mtengo, nenani kuti mphepo yakula, adzuke ayambirenso, chifukwa mwana wodzudzulidwa mawa lake amakana.

Pomaliza pa nthano aliyense amagona chagada, tsamba lili pamimba, n'kumaliyang'ana likukwera ndi kutsika pamene akupuma. Chipinda chimene chinali ndi phokoso chimakhala zii, ndipo ndikanong'ona kuti "Kaphuleni mbatata," amayankha motsitsa mawu kuti "Yapserera." Tsopano ndikupempha kuti tisunthire mipando kukhoma, ana abwere pakati ndi masamba awo, ndipo agogo amene mawondo akuvuta achite mbali ya mphepo ali chikhalire.