Mleme wa ku Kasanka ndi Kambalame ka Kunyanja Kotchedwa Arctic Tern

Takulandirani, okondedwa oonera. Lero tiyerekeza zouluka ziwiri: mleme wodya zipatso umene akatswiri amautcha Eidolon helvum, ndi Arctic tern, kambalame ka kunyanja yamchere.

Choyamba, mleme uli ndi ubweya, umabereka mwana mmodzi pachaka ndipo umayamwitsa, pamene kambalameko kali ndi nthenga ndipo kamaikira mazira pansi.

Chachiwiri ndi ulendo. Mileme mamiliyoni angapo imasonkhana m'kankhalango kamodzi ku Kasanka, m'dziko la Zambia, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala, nyengo imene masuku amapsa, ndipo ina imene inavekedwa tizipangizo toilondola inauluka makilomita oposa 2,000. Koma kambalame kaja, kolemera magalamu pafupifupi 100 okha, kamachoka ku Greenland, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kukafika ku Antarctica, kum'mwera kwenikweni, n'kubwerera, mtunda wa makilomita pafupifupi 70,000 chaka chimodzi. Apa mleme wagonja. Ngati simunadine batani la subscribe, dinani tsopano tisanafike pa nkhani imene imanditopetsa.

Chachitatu ndi bodza lakuti mleme umachita chimbudzi kudzera m'kamwa. Ndalimva kwa ana, ndalimvanso kwa akuluakulu ophunzira ndithu, ndipo onse amalinena motsimikiza. Chimene anthu amaona n'choona, koma amachimasulira molakwika. Mleme ukaluma chipatso, umachifinya ndi lilime m'kamwa, n'kumeza madzi ake, kenako n'kulavula zotsalira zimene m'mawa mumazipeza zitaunjikana pansi pa mtengo. Zimenezo ndi zolavula, monga mmene inu mumalavulira makoko a nzimbe. Mleme uli ndi matumbo ndiponso njira yotulutsira chimbudzi ngati nyama ina iliyonse, ndipo ngakhale umagona chadodolido, ikafika nthawi umatembenuka n'kulendewera ndi zikhadabo za kumapiko kuti usadziipitse, kapena umangochita uku ukuuluka. Umboni wake ndi timbewu ta nkhuyu, timene umameza n'kukatitaya kutali ndi mtengo umene unadyako, n'kumerako mitengo yatsopano. Amene mukutsutsabe, lembani m'munsimu, ndidzakuyankhani mmodzimmodzi.

Chachinayi, kambalameko kamadya tinsomba timene kamagwira podziponya m'madzi, ndipo kangathe kukhala ndi moyo zaka 30. Vidiyo ya sabata yamawa idzalongosola mmene kamadziwira njira yake pakati pa nyanja.