Chigawo chachinayi sichinama: mawu a kochi kwa osewera basiketibolo ndi makolo awo

Anyamata khalani pansi, atsikana sunthirani kuno ku mthunzi. Makolo, zikomo pobwera, ndikudziwa ena mwasiya geni pamsika.

Nonse munaona za Loweruka. Pofika hafu tinkatsogola bwinobwino, anzathu aja atasowa mtengo wogwira. Chigawo chachinayi chitangoyamba, miyendo inatha. Manja m'chiuno, malilime kunja, wothamangira kukatchinga kumbuyo osaoneka. Ndiye mnzanu wina, dzina sinditchula, nditamutulutsa kuti apume anavula jezi n'kuiponya pafumbi, mayi ake akuona. Mpaka lero sanapondenso pano. Mwanayo luso ali nalo kuposa nonsenu, koma mwezi wathawu ku tireningi ankangobwera mwa apo ndi apo.

Mvetserani ana anga: chigawo chachinayi sichinama. Mpira wathuwu uli ndi zigawo zinayi, chilichonse mphindi 10. Zitatu zoyambazo luso likhoza kukubisa. Chomalizacho chimafuna mpweya umene unausunga Lachiwiri ndi Lachinayi, pamene ena ankati kwatentha, ena mutu, ena anditumako kuchigayo. Chigayo chanji cha Lachiwiri lililonse?

Taonani ma free throw aja tinataya. Wokumaka palibe, oyimbira akupatsa mpira m'manja, masekondi 5 ndi ako. Ukuphonyeranji? N'chifukwa mumayeserera musanatope, mukuseka. M'masewero umaponya mtima ukugunda, thukuta lili m'maso, mawondo akunjenjemera. Ngati sunaponyepo uli choncho pakati pa sabata, Loweruka mkono sudziwa chochita. Chigawo chachinayi sichinama.

Ndipo mafoniwa! Mumachezera kuonera anthu akudanka, kudumpha n'kulowetsa mpira mu ring'i ndi dzanja, m'mawa mukufuna mudanke inunso, chonsecho kunjanjitsa mpira ndi dzanja lamanzere kukukukanikani. Hakeem Olajuwon uja anakulira ku Lagos, anali goloboyi wa mpira wamiyendo, basiketibolo anaiyamba ali ndi zaka 15. Anachedwa kuposa ambiri a inu. Koma anatenga chikho cha NBA, ligi yaikulu ya ku America, ndi timu ya Houston Rockets mu 1994 ndi 1995, ndipo chimene ankaopedwa nacho ndi kapondedwe ka mapazi, chinthu chimene umachibwereza wekha popanda wokuombera m'manja.

(Mnyamata wina: "Nanga ife aafupi tivutikirenji, kochi? Mumasankha ataliatali okhaokha.")

Imirira tikuone. Wafunsa bwino, ndipo ambiri funsoli ali nalo mumtima. N'zoona, ring'i ili pa mamita 3.05 ndipo sidzatsikira munthu. Koma Muggsy Bogues anali wa mamita 1.60 basi, wamfupi kuposa mayi ako ali apowa, ndipo anasewera mu NBA zaka 14. Ankatani? Mpira ukamanjanja umakhala pansi, kufupi ndi iwe. Wamtali ayenera kuwerama kuti akulande, pamene iwe ukangoti tswii walowa kale kunsi kwa mkono wake. Bogues ankalanda mipira, ankapatsira anzake pamalo oyenera, ndipo womumaka ankatopa iye asanatope. Akuluakulu anati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Loweruka sindinakusiye pa benchi chifukwa cha msinkhu, mwana wanga. Ndinakusiya chifukwa mpira ukakupulumuka umaima n'kumayang'ana oyimbira, mnzako akupita kukagoletsa. Udzangosiya zimenezo, udzayamba masewero, ndalonjeza pamaso pa makolowa. Mwayi ulipo tsopano. Ligi ya BAL, ya matimu a basiketibolo a mu Africa muno, inayamba mu 2021 ku Kigali, ndipo Bravehearts ya ku Lilongwe yakhala ikupikisana nawo m'ndime zolowera mu ligiyo. Kumeneko amafuna munthu amene mphindi zomaliza akuthamangabe. Chigawo chachinayi sichinama.

Ndaona kumbuyoko mwayamba manong'onong'o, dzuwa lapendeka, ndifulumire. Tireningi ndi 4 koloko, osati 4 koloko ukumanga zingwe za nsapato kunyumba. Tikatha kuthamanga, aliyense ma free throw pompopompo asanapume. Dzanja lofooka muzilinjanjitsira mpira tsiku lililonse, pakhonde pomwe pakwana. Botolo la madzi, lako. Ukakhala pa benchi uziombera anzako m'manja, nkhope yakugwa ayi. Amene wajomba kusukulu asabwere ndi jezi, makolo mundithandize pamenepo.

Akaputeni awiri, mawa mukatuluka m'kalasi mupite kwa mnzanu uja. Mukamuuze kuti jezi yake tinaitola, yachapidwa, ndipo Lachiwiri tikumudikira. Amene ali pa zamu yosesa bwalo atsale.